Mmene ofukula amadziwira zaka za ngalande yokwiririka

Mwafunsa kuti akatswiri ofukula zinthu zakale amazindikira bwanji mpanda ndi ngalande zake, pamene pamwamba pa nthaka sipakuoneka kanthu. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha ku Yeavering, kumpoto kwa England, kumene kunali mudzi wa mfumu Edwin ya ufumu wakale wa Northumbria. Malowo anaonekera mu 1949 pa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'ndege nthawi ya chilala, chifukwa mbewu zomera pa ngalande yokwiririka zimakhalabe zobiriwira, popeza dothi la m'menemo limasunga chinyezi kuposa la m'mbali mwake.

Katswiri wina dzina lake Brian Hope-Taylor anafukula malowo kuyambira 1953 mpaka 1962, ndipo anapeza kuti ngalande za mpanda waukulu zinali zozikamo mitengo, mwina ya khola la ng'ombe. Mitengoyo inawola kalekale, koma inasiya dothi la mtundu wosiyana.

Nkhani ya zaka ndiyo imafuna kusamala kwambiri. Wofukula amadula ngalande chopingasa kuti aone mmene dothi linasanjikizirana, ndipo makala kapena mafupa opezeka pansi penipeni ndiwo oyenera kuyezedwa ndi njira ya radiocarbon (yoyezera zaka za zinthu zimene zinali zamoyo), pakuti zopezeka pamwamba zikhoza kukhala kuti zinagweramo patapita zaka mazana ambiri. Ngakhale makalawo amatha kusokeretsa ngati anachokera ku mtengo wokalamba, n'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri njere zopserera za tirigu kapena balere, zimene zimakula nyengo imodzi yokha. Ngalande ina ikadula inzake, yodulayo ndiyo yatsopano.