Tigule makina osokera kapena tidikire? Yankho kwa mayi wa gulu la makolo

Mayi wina wanditumizira imelo yomwe ndikukhulupirira kuti ikhudza makolo ambiri. Mwachidule akuti: "Tili ndi gulu la makolo a ana aulumali. Ana athu akula, ena adutsa zaka 20, koma amangokhala pakhomo. Wina samva, ena amayendera chikuku, wanga amachedwa kumvetsa zinthu. Tasonkha kangachepe ndipo tikufuna kuchita lendi chipinda, tigule makina osokera, tilembe mphunzitsi woti aziwaphunzitsa onse. Kodi tayamba bwino?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Kusonkhana kwanuko ndiye chuma chachikulu chomwe muli nacho, ndipo ndibwererako. Koma makinawo ndikupemphani kuti muyambe mwadikira.

Mwandiuza ulumali wa mwana aliyense, koma simunandiuze chomwe aliyense amakonda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, omwe ndi anthu 16 pa 100 alionse padziko lapansi, ali ndi ulumali waukulu ndithu. Khamu lotere silingakhale ndi luso limodzi. Mnyamata wosamva uja mwina mtima wake uli pa injini za galimoto. Mtsikana wa pachikuku mwina ndi katswiri wa masamu, woti akhoza kusunga mabuku a ndalama pakampani. Mukawaika onse pa makina osokera, ndiye kuti ulumali ndiwo wawasankhira ntchito, chomwe ndi chinthu chomwechi mukulimbana nacho. Ndipo pakapita chaka mudzakhala ndi atelala angapo atsopano olimbirana makasitomala omwewo.

Chachiwiri ndi chipinda chawochawocho. Kwa zaka zambiri maiko ochuluka ankatsegula malo apadera momwe anthu aulumali ankaphunzitsidwa ndi kugwira ntchito paokha, poganiza kuti akakonzeka adzalowa ntchito zenizeni. Ambiri sankatulukamo, ankangokalambira momwemo akukonzekerabe. M'zaka za m'ma 1980 ku United States anayamba kutembenuza ndondomekoyi: munthu azipezeredwa kaye malo pantchito yeniyeni, pakati pa anthu ena onse, kenako aziphunzitsidwa pomwepo ndi mthandizi wokhala pambali pake. Chifukwa chake ndi chomveka, makamaka kwa mwana ngati wanuyo. Munthu wochedwa kumvetsa amavutika kunyamula chomwe waphunzira m'kalasi n'kukachigwiritsa ntchito kumalo ena, komwe zipangizo, phokoso ndi anthu n'zosiyana. Akaphunzirira pomwe adzagwirepo ntchito, vutoli limachepa kwambiri.

Pa kaphunzitsidwe, ndimalemekeza kwambiri ntchito ya Marc Gold wa ku America. M'zaka za m'ma 1970 iye anatenga achinyamata omwe akatswiri ankati sangaphunzire kanthu, n'kuwaphunzitsa kulumikiza mabuleki a njinga, chinthu cha tizidutswa tambiri. Ankaduladula ntchitoyo m'magawo ang'onoang'ono, n'kumaonetsa ndi manja m'malo mochulutsa mawu. Wophunzira akakanika pagawo lina, Gold ankasintha kaphunzitsidwe kake, osamuweruza wophunzirayo. Inunso mukhoza kutero. "Konza tebulo" ndi lamulo lalikulu kwa mwana wanu. Koma chotsa mbale, pukuta kuchokera kumanzere kupita kumanja, bwezera mipando, chilichonse chili ndi chithunzi chake papepala, ndi ntchito yoti akhoza kuigwira bwino kuposa anzake othamanga, chifukwa akaigwira salumpha gawo.

Chitsanzo china ndi cha Project SEARCH, yomwe inayamba mu 1996 pa chipatala cha ana cha mumzinda wa Cincinnati ku United States. Erin Riehle, yemwe ankayang'anira dipatimenti ya odwala mwadzidzidzi, ankavutika ndi antchito olongedza zipangizo omwe sankakhalitsa. Anagwirizana ndi aphunzitsi kuti aphunzitse achinyamata aulumali ntchitoyo m'chipatala momwemo. Lero ophunzira a pulogalamuyi amayesa ntchito zitatu zosiyana m'chaka chimodzi cha sukulu. Onani poyambira pake: panali ntchito yomwe inkasowadi munthu. Inunso mukamapita kwa olemba ntchito musakapemphe chifundo. Kafunseni kuti ndi ntchito iti yomwe imatsalira tsiku ndi tsiku, kapena yomwe anthu amaithawa.

Apa m'pamene gulu lanu lili ndi mphamvu yomwe sukulu iliyonse ilibe. Kholo lililonse limadziwa wina wa galaja, wa shopu, wa pafamu, wa mu ofesi, kalipentala, wokonza mafoni. Lembani mayina onsewo pa pepala limodzi. Ntchito zambiri padziko lino zimapezeka kudzera mwa anthu odziwana, ndipo achinyamata aulumali amamanidwa njira imeneyi chifukwa chosatuluka pakhomo. Bwana yemwe angakane kalata ya mlendo amavutika kukana mnzake wakale akamupempha kuti amuyese mwana kwa milungu ingapo.

Ndalama mwasonkhazo zipite ku zinthu zomwe zimagwetsa achinyamatawa ntchito ikapezeka. Mayendedwe ndiye oyamba, makamaka kwa a chikuku. Kenako kangachepe ka mthandizi wa pantchito, munthu wodekha woti aziphunzitsa wachinyamatayo, kufotokozera anzake a pantchito, n'kumachepetsa kubwera pang'onopang'ono mpaka asiye. (Ndikulangizani kuti asakhale kholo la mwanayo. Ife makolo dzanja limatiyabwa, timafulumira kumugwirira ntchito.) Wosamva uja adzafunika womasulira chinenero chamanja masiku oyamba, ndi chizolowezi choti malangizo azilembedwa. A chikuku nthawi zambiri amangofunika potsetsereka pa khomo, tebulo lokwanira kulowetsa mawondo, ndi chimbudzi cholowekamo. Mukadzalandira wosaona m'gulu lanu, dziwani kuti pulogalamu ya NVDA, yomwe imawerenga mokweza zolembedwa pa kompyuta, ndi yaulere chiyambireni mu 2006, ndipo mafoni a Android ali ndi TalkBack, yomwe imawerenganso mokweza zolembedwa pa foni.

Zosintha zoterezi si ulemu wongowachitira. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe linavomerezedwa mu 2006, limanena mu ndime 27 kuti ali ndi ufulu wopeza ntchito pamsika wotseguka kwa onse, ndi kuti malo antchito azikonzedwa moyenera kuti athe kugwiramo. Maiko ambiri analisainira, choncho funsani bungwe la anthu aulumali lomwe lili pafupi nanu kuti malamulo akwanuko akuti chiyani. Komweko mukapezanso akuluakulu aulumali omwe ali pantchito. Aitaneni adzacheze ndi ana anu, makolo mutatuluka panja. Pali mafunso omwe mwana sangafunse mayi ake ali pomwepo.

Ndikuchenjezeni pa za malipiro, chifukwa apa mtima umandipweteka. Alipo mabwana omwe amasunga wachinyamata waulumali zaka ndi zaka akuti akuphunzira, osamupatsa kanthu. Gwirizanani polemba kuti kuyesako kudzatha liti ndipo malipiro adzayamba liti. Ntchito yofanana, malipiro ofanana. Kwa atsikana onjezanipo chitetezo: adziwe munthu womuuza wina akamugwira mosayenera, ndipo wina wa gulu lanu azipitako osalengeza.

Kunyumba nakonso kuli gawo lanu. Kafukufuku wa ku United States pa achinyamata aulumali waukulu anapeza kuti omwe anagwirapo ntchito yolipidwa adakali pasukulu, komanso omwe makolo awo ankayembekezera kuti adzagwira ntchito, ndiwo ankapeza ntchito mochuluka akamaliza sukulu. Ndiye mwana wanu azidzuka yekha pa nthawi yake, akhale ndi ntchito zapakhomo zomwe akapanda kugwira zisagwiridwe ndi wina, aziwerenga yekha chenji, aphunzire kunena kuti "sindinamve, bwerezani."

Nanga kusoka kuja? Ngati mwa anawo muli wokukondadi, mupezereni telala yemwe ali kale ndi makasitomala, akakhale naye miyezi ingapo. Kumeneko adzaphunzira kuyeza munthu, kutchula mtengo ndi kupirira kasitomala wokwiya. Akayamba kulandira maoda akeake, pamenepo gulani makina amodzi, akhale ake.