Tifunseni: Kodi Frère Jacques ndi nyimbo ya m'tchalitchi?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 4 ndipo ndimaphunzitsanso kwaya ya ana. Timayimba nyimbo ya Chifalansa ija ya Frère Jacques. Mnzanga akuti ndi nyimbo ya Misa. Kodi n'zoona? Nanga bwanji ndikawagawa ana m'magulu kuti aziyamba motsatizana, imasokonekera tisanafike pakati? Mphunzitsi, Linthipe, Dedza

Yankho: Aphunzitsi, si nyimbo ya Misa ayi, ngakhale tikumvetsa chimene anzanuwo akuganizira choncho. Kuno kwathu Chifalansa tidayamba kuchimva pakamwa pa ansembe, a Montfort atafika ku Nzama ku Ntcheu mu 1901 ndi a White Fathers ku Mua mu 1902. Mawu akenso amakamba za belu ndi mapemphero. Koma ndi nyimbo yocheza, yonyogodola bulazala wina dzina lake Jacques, Yakobo m'Chichewa, amene wagonereza pomwe ntchito yake ndi kuliza belu la matines, mapemphero a amonke a kusanache. Amene adadzukapo m'bandakucha wa Juni kuno ku Dedza, chifunga chitakuta phiri, sangamuweruze msanga bulazalayu.

Apa pali chinthu chimene ana ayenera kuuzidwa. M'Chifalansa mzere wachitatu ndi lamulo: liza belu! Amene adaimasulira m'Chingerezi adalemba ngati belu likulira kale, ndiye nthabwala yonse idathera pomwepo, chifukwa ngati belu likulira ndiye kuti walizayo sadagonereze.

Kayimbidwe kake kamapezeka m'buku lolemba pamanja la cha m'ma 1780, losungidwa ku Bibliothèque nationale de France, laibulale yaikulu ya dziko la France, ku Paris, ndipo m'menemo wogonayo ndi Frère Blaise. Kadasindikizidwa mu 1811 m'buku la La Clé du Caveau. Mu 2014 katswiri wa mbiri ya nyimbo Sylvie Bouissou adanena kuti adaipeka ndi Jean-Philippe Rameau, wopeka nyimbo wa ku France amene adamwalira mu 1764. Pambuyo pake wopeka nyimbo wina, Gustav Mahler, adaitenga n'kuitembenuza kukhala nyimbo ya maliro, yoyenda pang'onopang'ono, m'simfone yake yoyamba (nyimbo yaitali ya zoimbira zambiri) imene idamveka koyamba ku Budapest mu 1889.

Tsopano za kusokonekera kuja. Nyimboyi ili ndi mizere 4, uliwonse umayimbidwa kawiri: do re mi do, mi fa so, so la so fa mi do, kenako do so do, so ameneyu ali wam'munsi. Mzere umodzi pamodzi ndi kubwereza kwake umatenga kuwomba m'manja ka 8. Gulu lachiwiri limalowa ndendende pamene loyamba layamba mi fa so, osati pamene mtsogoleri wawo wakumbukira. Mizere yonse yatsamira pa do, mi ndi so, n'chifukwa chake imagwirizana ikamayimbidwa nthawi imodzi. Gulu likangochedwa ndi kuwomba kumodzi, re wa ena amagundana ndi do wa anzawo, basi phokoso.

Vuto lalikulu lili pamzere wachitatu. Manotsi anayi oyamba, so la so fa, ndi achangu: amalowa awiriawiri pa kuwomba kumodzi. Ana akafika pamenepa amathamanga ngati akutsika chitunda, ndipo sabwereranso paliwiro loyamba. Muwayimbitse mzere umenewu pawokha akuponda pansi, phazi lamanja kenako lamanzere, mpaka miyendo isiye kufulumira pakamwa pakafulumira. Tsiku loyamba musapitirire apa.

Vuto lachiwiri ndi poyambira. Mukayamba pa C wa pa kiyibodi, so wam'munsi uja amagwera pa G wa pansi, pomwe mawu a mwana wa zaka 9 amangotuluka mpweya, ndiye ena amalumphira so wam'mwamba. Yambani pa F: nyimbo yonse idzakhala pakati pa C ndi D wam'mwamba. Ngati palibe kiyibodi, yambani mwayimba nokha do so do, mumve ngati ana akufika pansipo bwinobwino.

Musayambe ndi magulu 4. Onse ayimbe pamodzi mpaka aloweze, kenako inu nokha mukhale gulu lachiwiri, mukuyimba chapansipansi. Akatha kupirira osakutsatirani, agaweni pawiri, gulu lina kubolodi lina kukhomo, lililonse ndi mwana wolimba mawu kutsogolo. Akayandikana khutu limakokedwa ndi mnansi. Akafuula samvana, choncho auzeni kuti amene sakumva gulu linalo ndiye kuti wakweza kwambiri.

Pomaliza, pangananitu kuti gulu lililonse liyimba kawiri n'kukhala chete. Magulu azitha limodzilimodzi, lomaliza litsale lokha ndi do so do, ngati belu la patali.