Malume analapa ali gone m'chipatala, nanga dimba lija?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu. Wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Ndaifupikitsa motere:

"Malume anga anali munthu wa mowa ndi nkhanza. Bambo atamwalira, iwo monga mwini mbumba anagulitsa dimba la mayi anga limene tinkalimamo kachewere, ndalama zonse n'kumwera. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2 chifukwa cha zimenezo. Chaka chatha anadwala, anaitanitsa abusa kuchipatala, analapa, posakhalitsa anatisiya. Pamaliro abusa anati malume ali m'Paradaiso ngati wachifwamba wa pamtanda uja. Agogo anga, mayi awo a malumewo, akalambira m'Chigwirizano: kusesa m'tchalitchi, kuphika pamaliro, kuyendera odwala. Ndiye kuti kumwamba akalandira zofanana? Chilungamo chili pati? Ngati chisomo n'chongopatsa chonchi, ife tikuvutikiranji?"

Mlongo wanga, pepani. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikuona kuti pamaliro paja palibe amene anawanena kwa inu ndi mayi anu. Anthu anaimba, anadya nsima, anabalalika, inu n'kutsala ndi chotupa mumtima.

Za kumene malume ali tsopano, mwini nkhani ndi Mulungu. Abusa anamva za pakamwa, za mumtima sanazione. Alaliki athu ena pamaliro amagawa malo kumwamba ngati makuponi a feteleza, ndipo ine khalidwe limenelo sindigwirizana nalo. Komabe chiphunzitso chimene abusawo anatsamirapo n'choona, ndipo sindichisungunula kuti mtima wanu utsike msanga. Munthu woipitsitsa akalapa zenizeni, ngakhale mpweya utatsala pang'ono, Mulungu amamulandira.

Wachifwambayo timangomudutsa pamaliro, tiyeni lero timuyang'anitsitse. Aroma sankapachika munthu woba nkhuku. Mtanda unali wa akapolo, achifwamba ndi oukira boma. Ankamukhomera munthu pafupi ndi njira, atamuvula, kuti odutsa aone ndi kugwidwa nthumanzi. Kwa Ayuda zinali zoopsa koposa, poti Deuteronomo 21:23 imati wopachikidwa pamtengo ndi wotembereredwa ndi Mulungu. Mateyu ndi Maliko akuti onse awiri opachikidwa naye ankamunyoza Yesu. Luka yekha, pa mutu 23 ndime 39 mpaka 43, ndiye akutiuza kuti mmodzi anatembenuka mtima. Tamverani zimene ananena asanapemphe kanthu. Anadzudzula mnzake, navomera kuti iwo awiri akulandira zoyenera ntchito zawo, koma munthu wapakatiyo sanalakwe. Sananamizire Satana, sanati anamulodza, sanati ndi umphawi. Pempho lakenso linali laling'ono, loti Yesu adzamukumbukire.

Yesu anamulonjeza Paradaiso tsiku lomwelo, koma pamtanda sanamutsitse. Yohane 19:32 akuti asilikali anabwera nathyola miyendo ya onse awiri, wolapa ndi wosalapa yemwe. Anthu amene munthuyo anawalanda katundu kapena kuwaphera m'bale sanabwezeredwe kalikonse madzulo amenewo. Palibe paliponse pamene Yesu ananena kuti zimene anachitazo zinali zazing'ono. Mbali imeneyi ikanalalikidwa pamaliro a malume, mwina simukanandilembera.

Funso lanu la chilungamo Yesu analiyembekezera, n'chifukwa chake anakamba fanizo la pa Mateyu 20:1-16. Mwini munda wampesa analawira kukafuna aganyu, napangana nawo ndalama imodzi ya siliva, malipiro a tsiku lathunthu. Anatulukanso cha m'ma 9 koloko, masana, cha m'ma 3, mpaka 5 koloko madzulo, n'kumatengabe anthu. Polipira anauza kapitawo kuti ayambe ndi omalizira, ndipo onse analandira chimodzimodzi. Aliyense amene anagwirapo ganyu yokwezera kachewere ku Tsangano kapena ku Bembeke amva kuwawa kwake. Iwe unayamba mame ali nyekhe, zala zitauma ndi chisanu, dzuwa lakuthera pamsana, m'manja muli matuza. Mnzako wafika dzuwa litapendeka, wapanga mizere iwiri, mpini sunatenthe n'komwe, basi envulopu ikhale yofanana? Olawira aja anadandaula, ndipo nanenso ndikanadandaula. Mwini munda anawayankha kuti sanawanyenge, alandira zimene anapangana. Kenaka anafunsa ngati diso lawo laipa chifukwa choti iye ndi wokoma mtima.

Onani kuti palibe amene anamubera. Chowawa n'chakuti wina walandira zoposa thukuta lake. Ndipo tonsefe tikamawerenga fanizoli timadziika pa gulu la olawira. Sindinakumanepo ndi Mkhristu amene amati ine ndine wa 5 koloko uja. Paulo pa Aroma 3:23 akuti onse anachimwa naperewera pa ulemerero wa Mulungu, ndipo pa Aefeso 2:8-9 akuti chipulumutso ndi mphatso, sichichokera ku ntchito, kuti wina asadzitame. Zikutanthauza kuti agogo anu sadzalowa kumwamba chifukwa cha tsache kapena yunifomu yoyera ija. Adzalowera khomo lomwelo limene wachifwamba analowera. N'zolimba kumva, koma tsiku lina mukakhala nawo pakhonde mukusenda nyemba, muwafunse. Ndikukayika ngati iwo akudandaula monga mukudandaulira inu m'malo mwawo. Malume anali mwana wawo. N'kutheka kuti zaka zonse zimene ankadzandira pobwera ku kachasu, pali mayi wina amene ankagwada pamphasa kumutchula dzina.

Tikuvutikiranji tsono? Paulo anadzifunsa yekha pa Aroma 6:1 ngati tizichimwabe kuti chisomo chichuluke, nayankha kuti msatero ayi. Ndime 10 ya Aefeso 2 ija ikuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Ntchito zimabwera pambuyo pa chisomo, sizichigula. Komanso malume musawasirire. Wa 5 koloko uja sanali kupuma pamthunzi, anaswera chiimire pamsika wopanda womulemba. Malume anataya moyo wonse: ana akuwathawa, mbumba ikuwaopa, dzina litaipa mudzi wonse. Agogo akhala ndi Mulungu kuyambira utsikana. Ndipo amene akuwerengera zodzalapa pabedi akumbukire kuti achifwamba anali awiri, komanso kuti pamsewu wa M1 anthu amafa osapeza mpata woitana abusa.

Mkangano uwu wa chisomo ndi ntchito ndi wakale kuposa mipingo yathu yonse kuno. Kalekale mphunzitsi wina wa Chikhristu, Pelagius, ankaphunzitsa kuti munthu angathe kusunga malamulo a Mulungu ndi kufuna kwake, bishopu Augustine anatsutsa, ndipo msonkhano wa ku Carthage wa 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Martin Luther anaudzutsanso mu 1517 pokana zogulitsa zikalata zochotsera zilango za machimo, Akatolika nayankha pa msonkhano wawo wa ku Trent mu 1547. Unafika m'mapiri athu ano pamene ansembe a Chikatolika a Montfort anamanga ku Nzama mu 1901, anzawo a White Fathers ku Mua mu 1902, ndi amishoni a Dutch Reformed, amene mpingo wawo unadzalowa mu CCAP, ku Mlanda chaka chomwecho. Makolo athu analowa mkangano umene sanauyambe, ena mpaka kukanizana ukwati. Koma pa 31 Okutobala 1999, ku Augsburg, Akatolika ndi Alutera anasainirana chikalata chovomereza limodzi kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo Mzimu Woyera ndiye amatikonzanso mtima ndi kutiitanira ku ntchito zabwino. Bungwe la padziko lonse la mipingo ya Reformed, ya mtundu wa CCAP, linalowa nawo mu 2017. Zosiyana zilipobe, koma pa funso lanuli wansembe wa ku Bembeke ndi m'busa wa ku Mlanda angakuyankheni zoyandikana kwambiri.

Pamene mwalasa penipeni ndi pamene mwati chisomo n'chongopatsa. Kwa wolandira n'chaulere, inde, koma pali amene analipira. Inu mukudziwa kale zimenezi kuposa ine. Mayi anu akakhululukira mlongo wawo, zaka zonse zimene akhala osakolola kachewere sizibwerera, Fomu 3 yanu sibwerera. Wokhululuka ndiye amasenza chitayikocho. Chikhristu chimati pamtanda Mulungu sanatsinzine dala kuti asaone tchimo, koma analisenza yekha mwa Mwana wake. Agalatiya 3:13 akuti Khristu anasanduka temberero m'malo mwathu, kutenga mawu a Deuteronomo aja. Ngati kugulitsa dimba la mkazi wamasiye kukanakhala nkhani yaing'ono pamaso pa Mulungu, misomali sikanafunika. Ine ndinakulira pa mtanda wopanda munthu, wa ku CCAP, umene umalengeza kuti anauka. Koma mukadzafika ku Mua, kumene bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zosemasema a Kungoni mu 1976, mudzaimeko pa mitanda imene amisiri a kumeneko amasema. Nthiti zikuwerengeka, mutu uli wewete, nkhope ngati ya munthu wa kwathu konkuno. Ife a mtanda wopanda munthu nthawi zina timafulumira kufika pa Lamulungu la Pasaka tisanakhale mokwanira pa Lachisanu.

Kuuka kwa akufa nakonso kukukhudzani, ngakhale simunakufunse. Pa 1 Akorinto 15, kalata yolembedwa patangopita zaka zoposa 20 chichitikire zinthuzi, Paulo akutchula amene anamuona Yesu wouka: Kefa (Petro), khumi ndi awiri aja, abale oposa 500 nthawi imodzi, Yakobo, pomaliza iye mwini, amene ankazunza mpingo. Akunena mosapsatira kuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro n'chachabe ndipo tikadali m'machimo athu. Popanda kuuka, lonjezo la kwa wachifwamba likanangokhala mawu a munthu wakufa kutonthoza mnzake wakufa. Koma mutu wautaliwo ukutha ndi ndime 58, imene ndi ya agogo anu: chilimikani pa ntchito ya Ambuye, podziwa kuti kuvutika kwanu sikuli chabe. Ndipo 2 Akorinto 5:10 ikuti tonse tidzaonekera ku mpando wa chiweruzo wa Khristu. Kupulumuka sikutanthauza kuti zimene munthu anachita m'thupi sizidzatchulidwanso. Yesu wouka uja anamuonetsa Tomasi zipsera za misomali ndi bala la m'nthiti. Thupi linali latsopano, mabala sanafufutike. Ine ndimamva kuti zimene anakuchitirani malume sizinaiwalike kumwamba, ngakhale atakhala kuti akhululukidwa.

Tsopano za dimba. Zakeyu atamulandira Yesu m'nyumba mwake, pa Luka 19, analonjeza kugawira osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda monyenga. Kulapa kwa munthu amene akadali ndi manja omasuka kumaoneka motero. Wachifwamba sanabweze chifukwa manja anali okhomedwa. Malume nawo nthawi inawathera, koma mlandu wa dimba sunapite nawo kumanda, ndipo wina asakunamizeni kuti kuutsata ndi kusakhululuka. Kukhululuka n'kuleka kuwafunira zoipa malume ndi ana awo, ndipo kumatenga nthawi, musadzikakamize kumwetulira. Kufunsa za dimba n'kuteteza mkazi wamasiye, zimene Baibulo limalamula kuyambira kwa Mose mpaka kwa Yakobo.

Kambiranani ndi mayi anu, muitanitse akuluakulu a pabanja pamodzi ndi amene watenga umwini mbumba tsopano. Abusa aja muwauze zonse monga mwandiuzira ine, mwina sankadziwa, ndipo muwafunse ngati malume polapa anatchulapo za dimbalo. Ngati anatchula, abusawo angathandize kulankhula ndi ana awo. Pabanja zikakanika, nkhani ipite kwa a nyakwawa, kenaka kwa a gulupu, ikavuta kwa a T/A. Wogula uja naye anatulutsa ndalama zake, choncho yembekezerani kuti pakhala kukambirana, mwina kugawana kapena kumubwezera pang'onopang'ono. Pafunika mboni zimene zikudziwa kuti dimbalo linaperekedwa kwa mayi anu, ndipo mboni yoyamba ndi agogo. Musadikire kuti mvula ina idutse, akuluakulu sachedwa kufooka.