Asakuuzeni kuti ndi nyamakazi asanagwire phazi

Achemwali, zimene mwafotokoza za mayi anu, kuti akatumba amawapweteka akayenda pang'ono koma n'kuleka akaima, ndiponso kuti phazi limodzi likumazizira, ndi mmene zinayambira kwa bambo anga, amene anasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata ndipo anali ndi matenda a shuga. Tinkapita nawo kukachipatala kena kolipira, ndipo munthu amene ankawaona sanawavule nsapato ngakhale tsiku limodzi. Iye ankangoti ndi nyamakazi ya ukalamba, n'kutipatsa mankhwala opha ululu ndi mafuta opaka, ndalama n'kulandira. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikamukumbukira, chifukwa kugwira pamwamba pa phazi kuti amve ngati mtsempha ukugunda sikukanamutayitsa nthawi.

Ululu utayamba kubwera ngakhale atagona, bambo ankachezera usiku wonse atakhala m'mphepete mwa bedi, mwendo uli lende, popeza m'pamene magazi ankatsikirako pang'ono. M'mwezi wa June, kukuzizira, anayandikiza phazilo ku mbaula kuti lifunde, ndipo chifukwa cha dzanzi sanamve kuti likupsa. Ndinawapeza m'mamawa phazi lili matuza okhaokha. Sipanapite nthawi chala chachikulu chinada bii ngati khala, fungo linadzaza chipinda mpaka adzukulu anasiya kulowamo, ndipo bambo, amene sindinawaonepo akulira, ankaluma chitenje cha mayi kuti tisawamve akubuula. Titafika ku Kamuzu Central Hospital, dokotala anatiuza kuti mitsempha yopititsa magazi kumwendo inali itatsekeka ndi mafuta kalekale, ndipo mwendowo unadulidwa m'munsi mwa bondo.

Pitani ndi mayi anu mawa lomwe kuchipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo zimene akakuuzeni mukazitsatire, koma mukaumirire kuti awavule nsapato, awayeze shuga, ndiponso ngati zida zilipo ayerekeze BP ya pakakolo ndi ya pamkono, chifukwa ya pakakolo ikatsika kwambiri ndiye kuti magazi sakufika bwino. Ngati amasuta, aleke. Phazilo lisaothetsedwe moto kapena kuviikidwa m'madzi otentha, ndipo muziliyang'ana madzulo alionse mpaka pakati pa zala. Ngakhale kuyenda n'kumene kunkazunza bambo anga, mayi anu aziyendabe tsiku ndi tsiku atavala nsapato, aziima ululu ukakula n'kupitiriza ukachepa, pokhapokha ngati patuluka chilonda kapena chala chayamba kuda, pamenepo musadikire kuti kuche.