Nthunzi, mthunzi ndi mchere wosungunuka

Mayi wina wophunzitsa sitandade 5 cha ku Ngabu wandilembera kuti: "Ndikamaphunzitsa za zolimba, zamadzimadzi ndi mpweya ndimabwera ndi ayezi ndi ketulo mkalasi. Ana ena amalemba nthunzi ena mthunzi, cholondola nchiti? Nanga ayezi ndi mchere zonse tiziti zasungunuka?"

Madamu funso lanu landikoma kwabasi. Chotuluka mu ketulo chija ndi nthunzi, mthunzi ndi uja timathawirako pansi pa mtengo wa masau dzuwa la Okutobala likalusa. Masiku ano pa WhatsApp anthu angosakaniza m ndi n, mtengo akulemba ntengo, munthu akuti wakhala pa nthunzi ngati wakhala pa mphika wowira, ine zimandiwawa zedi. Koma taonani kukoma kwake, nthunzi, mthunzi, chithunzi, tsinde lake ndi limodzi thunzi, ndipo ine sindikayika kuti makolo anaona kuti zonsezi maso amaziona koma ukati ugwire manja amabwera opanda kanthu. Muwauze ana zimenezi saiwalanso.

Mau oti gasi asiyeni kaye, mwana akamva gasi amaganiza za chitini chophikira chija. Mpweya ulipo kale. Ayeziyo sindilimbana naye, walowa mpaka kumsika, bola ana adziwenso kuti ndi madzi oundana, poti dzina limenelo likuphunzitsa lokha.

Tsono pa kusungunuka mpamene pali nkhani. Inde Chichewa chimati zonse zasungunuka ndipo simukulakwa, koma zochitikazo nzosiyana. Ayezi amasungunuka ndi kutentha akapitirira madigiri 0, safuna madzi ena. Mchere pa mbale ungakhale tsiku lonse padzuwa la ku Nsanje susintha, umafuna madzi. Ndiye muzinena mau onse, kusungunuka ndi kutentha, kusungunuka m'madzi, osadula. Agogo anga ku Chikwawa ankapala dothi lamchere lija nkulithira madzi, madziwo akadontha nkuwaphika mpaka aphwe, pansi pa mphika nkutsala mchere, ndinkaona ndekha ndili mwana ndipo mau awo anali omwewo, madzi aphwa. Chitani chomwecho ndi ana, madzi amchere pang'ono pa mbale yachitsulo, muike padzuwa m'mawa, poweruka akanyambite zoyera zotsalazo.

Ketuloyo ikawira, kwanu kuchigwako ndi pafupifupi pa madigiri 100 poti malo ndi otsika, ku Dedza kumtunda amawira asanafike pamenepo, mugwirizire chivundikiro chozizira pa nthunzi inuyo osati mwana, nthunzi imawotcha moipa. Timadontho tikayamba kugwa afunseni anawo kuti mame a m'mawa amachokera kuti, ndipo polemba pa bolodi n uja wa nthunzi mumulembe wamkulu.