Vesiti ya snorkel: kuigula ku Joni, kukaivala ku Cape Maclear

Achimwene, mwafunsa ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, mugule vesiti yotani yosambirira ndi snorkel (kapaipi kopumira nkhope ili m'madzi), yoti izipindika bwino m'chikwama poti kunyanja mumapitako pa tchuthi cha Disembala chokha. Chachiwiri, ngati mungatengeko ena 20 okagulitsa ku Mangochi kuti mubweze ya basi. Ndiyamba ndi vesitiyo, za geni zibwera pambuyo.

Vesiti ya snorkel si laifi jaketi, ndipo izi ndimauza aliyense amene akundigula. Ndi kathumba ka mpweya kamene mumalowetsa pamutu n'kukhala pachifuwa, mumauzira ndi pakamwa pa kachubu kamene kali pafupi ndi phewa. Ntchito yake ndi kukuyandamitsani chafufumimba, nkhope ili m'madzi mukuonera nsomba, komanso kuti mupumuleko mukatopa. Munthu akamwa madzi n'kukomoka, vesitiyi siimutembenuza kuti nkhope iloze kumwamba. Laifi jaketi yeniyeni imalembedwa ISO 12402 ndi nambala monga 100N kapena 150N. Yolembedwa 50N ndi yongothandizira amene amadziwa kale kusambira, cha kufupi ndi gombe, ndipo mavesiti ambiri a snorkel alibe nambala iliyonse. Mwati alamu sadziwa kusambira ndipo mwana ali ndi zaka 6. Awiriwo agulireni laifi jaketi ya siponji, ya mwanayo yogwirizana ndi makilogalamu ake. Imadya malo m'chikwama, inde, koma pamenepo musanyengerere.

Kwa inu amene mumasambirako, tengani yolowetsa pamutu ija. Palinso ina yonga jekete, ya zipi, yokhala ndi nsalu yokhuthala kumsana. Ndi yabwino kwa wolowa m'madzi sabata iliyonse, koma imadula ndipo imachedwa kuuma. Yolowetsa pamutu ikaphwa imapindika ngati malaya ositidwa, imalowa ngakhale m'thumba lam'mbali la chikwama.

Mukaigwira m'sitolo, yambani ndi malamba. Akhale awiri, wam'chiuno ndi wodutsa pakati pa miyendo. Wachiwiriyu anthu amamuona ngati wochititsa manyazi, ena amachita kumudula, koma popanda iyeyo vesiti ikadzaza mpweya imakwera mpaka kuchibwano, inu n'kumalimbana nayo m'malo moonera mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala. Kenako valavu ya kumapeto kwa kachubu. Yabwino mumaikankha ndi mano kuti itseguke, mukasiya imadzitseka yokha, ndipo ili ndi kamphete kopotokola kuti isatseguke mwangozi. Yeseraninso kutulutsa mpweya ndi dzanja limodzi, chifukwa mukafuna kutsikirako pansi pa miyala muzichita zimenezo muli m'madzi. Nsalu ikhale ya nayiloni yomatidwa mkati, osati pulasitiki yonyezimira yomwe imang'aluka m'misoko ikakhalitsa yopinda. Mtundu wake wachikasu kapena wa olenji basi. Ku Cape Maclear, pakati pa mudzi wa Chembe ndi chilumba cha Thumbi, pamadutsa maboti a injini, ndipo munthu wovala buluu amene wangotulutsa kapaipi ka snorkel saoneka msanga. Zokhala ndi kabotolo ka gasi zisiyeni, ndi ndalama zowonjezera ndiponso mafunso owonjezera mukadzakwera ndege.

Musaiwale kuti nyanja yathu ilibe mchere. Ngati munayandamapo ku Durban n'kuona ngati thupi lanu ndi lopepuka, ku Otter Point madzi sakunyamulani chimodzimodzi, ndiye mpweya muziuzirako wokwanira. Mukatuluka, iphwetseni. Vesiti yodzaza mpweya ikasiyidwa pamchenga dzuwa la Disembala, mpweyawo umafufuma n'kukakamiza misoko. Muziitsuka ndi madzi oyera, kuumitsa pamthunzi, n'kuisunga yosapinda mothina.

Tsopano za geni. Imodzi kapena ziwiri zanuzanu, pitani ku masitolo a zamasewera monga Decathlon kapena Sportsmans Warehouse, mukayesa saizi bwinobwino ndipo lisiti akupatsani. Za oda timakazifuna ku Dragon City cha ku Fordsburg kapena ku China Mall ya ku Amalgam, kumene mtengo umatsika mukatenga zambiri. Si sitolo iliyonse imene ili nazo, muyenera kuyenda ndi chithunzi pafoni, ndipo zosambirira zimachuluka kukayamba kutentha, cha mu Okutobala ndi Novembala. Musagule m'mawa wa tsiku lonyamuka. Gulani kutatsala masiku awiri, madzulo muuzire zonse, imodziimodzi, muzindandalike pansi. M'mawa muzifinye ndi chikhatho. Imene yafooka iviikeni m'beseni, muona timathovu tikutuluka pamsoko wa m'khosi kapena patsinde pa kachubu, malo amene zimakonda kubookera. Zimenezo mubweze tsiku lomwelo, ndipo za kubwezazo mugwirizane ndi mwini sitolo musanapereke ndalama. Mukawoloka Beitbridge nkhani ya kusinthitsa yatha, ndipo yobowoka simungaigulitse kwa munthu amene akavalitse mlendo pamadzi akuya.

Msewu mukuudziwa: Park Station, Musina, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Ubwino wa katunduyu ndi kupepuka, a basi sakudulani ngati mwanyamula mapoto kapena mabulangete. Koma pansi pa basi pamatentha, makamaka cha ku Tete, ndiye zikhale zophwa kwathunthu, zokulunga m'zovala, kutali ndi zigubu za mafuta ndi zitsulo zosongoka.

Pa Mwanza a MRA amasiyanitsa katundu wa munthu ndi wa malonda. Vesiti ziwiri zili ndi zovala zanu ndi zanu. Mavesiti 20 ali m'mapepala ake ndi malonda, mulembetse ndipo mulipire msonkho. Malisiti akhale m'manja, chifukwa popanda lisiti mtengo akuikirani okha. Ena akuuzani za SADC kuti katundu wa ku South Africa amatsitsiridwa msonkho. Zimenezo zimayendera kumene katunduyo anapangidwa, ndi satifiketi yake, ndipo mavesiti awa mukatembenuza chikalata chake ambiri alembedwa China. Ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono pa chipata imagwira pakati pa Malawi ndi Zambia kapena Zimbabwe. South Africa si membala wa COMESA. Palinso VAT ya kuno ku South Africa ya 15 peresenti, imene mlendo angaitanitse potuluka ngati ali ndi tax invoice ndipo katundu wake wapitirira R250. Imeneyo ndi ya ife obwera ndi masiku 30 a pa pasipoti, osati inu okhazikika kuno.

Chovuta chenicheni ndi wogula. Mumsika wa Limbe kapena wa Mangochi palibe amene akufuna vesiti ya snorkel. Ogula ndi eni malo ogona alendo ndi anyamata a maboti a ku Chembe, Senga Bay ndi Nkhata Bay, amene amatenga alendo kukaonera mbuna. Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'ndandanda wa UNESCO mu 1984, ndiyo imakoka alendo ambiri ofuna zimenezi. Koma amabotiwo akagula kamodzi amatha nazo chaka kapena kupitirira, si sopo woti mwezi wamawa adzafunanso. N'chifukwa chake ine katundu wotereyu ndimatenga pa oda basi: chithunzi pa WhatsApp, tigwirizane mtengo, apereke theka ndisanapite kusitolo. Ngongole ndimakana. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali ndi katundu wa ngongole kunja anatolera ndalama zosakwana kuodanso katundu yemweyo. Mtengo wanu muziwerengera pa randi imene mudzaigule pobwerera kuno, muphatikize basi, msonkho, ulendo wochoka ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde mpaka ku Monkey Bay, ndi imodzi kapena ziwiri zimene zidzakutsalirani.

Ulendo uno ine ndikanati mutenge yanu imodzi, ina yapadera, ndi malaifi jaketi awiri aja. Mukafika ku Chembe, yapaderayo mumubwereke wa boti amene akutengeni, aiyese yekha m'madzi. Mufunseni kuti alendo ake ambiri ndi a matupi otani, ndiponso ngati sakufuna kwambiri magalasi a m'madzi, chifukwa amenewo malamba ake amaduka msanga ndipo amafunidwa kawirikawiri kuposa mavesiti. Akafuna, lembani oda ya nyengo ya Pasaka, mphepo ya Mwera isanayambe kuwomba.