Bua mumaudziwa wa pa mlatho, kaoneni wa ku Nkhotakota

Achimwene, mwati achinyamata a ku tchalitchi kwanu atopa ndi ku Lifupa, ku paki yathu ya Kasungu, akufuna kwina kopondako pansi osati kungosuzumira nyama pa windo la basi, ndiponso ndalama ya ulendo wa ku Mulanje palibe. Ine ndikuti atengeni mupite nawo ku nkhalango ya Nkhotakota, akayende m'mbali mwa mtsinje wa Bua.

Ndikudziwa ena aseka kuti Bua wake uti, womwe timaoloka pa M1 popita ku Lilongwe uja? Eya, womwewo. Umachokera ku Mchinji, ndipo kuno kwathu umangoyenda mwaulesi m'madambo, mabango mbali zonse, anthu n'kumalima madimba m'mphepete. Chifukwa chake n'chakuti ife tili pa chigwa cha pamwamba, kopitirira mamita 1,000, pomwe nyanja ya Malawi ili cha m'ma 470. Mtunda wonsewo mtsinje umayenera kuutsika, ndipo kwambiri umautsikira m'nkhalango muja. Kumeneko Bua ndi wina. Wadzikumbira njira pakati pa zitunda, pena wapanikizika m'matanthwe n'kumalira ngati chigayo, pena wafatsa pa dziwe lakuya. Miyala yake ndi yoseleleka, ina ili ndi maenje obulungira ngati mitondo, amene madzi anaboola pozunguza timiyala zaka zosawerengeka. Ine ndinapisamo dzanja mpaka m'chigongono, pansi pake n'kupezadi timiyala tobulungira ngati mazira a nkhanga. Mwana amene amavutika ndi Jogalafe akaona zimenezi safunanso bolodi.

Nkhalangoyi ndi yaikulu, pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo kuchokera mu 2015 akuyendetsa ndi a African Parks mogwirizana ndi boma. Njovu zinali zitatsala pang'ono kutha ndi opha nyama mozemba, ndiye mu 2016 ndi 2017 anabweretsako pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ife a ku Kasungu za njovu sitiuzidwa, chibwerere zija 263 zimene anabweretsa ku paki yathu mu 2022, kotero ndikudziwa kuti makolo ena angomva dzinalo akana. Auzeni kuti woyenda pansi kumeneko sayenda yekha. Mumatsogozedwa ndi a gemu onyamula mfuti, ndipo iwo akati imani, mumaima. Akati chete, ndi chete. Ngati pagulupo pali ana osamva aja, okonda kuthamangira kutsogolo kuti ajambulitse, akambireni muli kunyumba. Komanso musayembekezere kuona nyama ngati pa TV. Mitengo ndi yothithikana, ya mtundu wa mombo ndi tsamba, ndipo mutha kutha m'mawa wonse mwangoona ndowe zotentha, mapazi pa mchenga ndi nthambi zothyoledwa kumene. Kwa ine zimenezo n'zimene zimagunditsa mtima kuposa njovu yoonera m'galimoto.

Nthawi yabwino ndi ya chisanu, Meyi mpaka Ogasiti. Madzi amakhala atayera, timisewu tauma, dzuwa silinakwiye. Okutobala kumatentha koopsa kumunsi kuja, ndipo m'dzinja mtsinje umadzaza, matanthwe onse ndikunenawa n'kumira.

Tsopano zimene sindifuna mudzandinene nazo. Kusambira ayi, ngakhale dziwe lioneke lokongola bwanji. Muli ng'ona, ndipo pofatsa pomwepo ndi pamene zimakonda. Chachiwiri ndi kashembe. Ntchentche imeneyi imaluma kupyola malaya, ndipo ndi imene imafalitsa kaodzera. Imakopeka ndi zabuluu ndi zakuda, n'chifukwa chake misampha yake amaipanga ndi nsalu za mitundu imeneyo. Ndiye ngati yunifolomu ya gulu lanu ndi ya buluu, isiyeni, avale zotuwa za manja aatali. Wina akadzamva malungo mutabwerako, kuchipatala akanene kuti anali kumalo a kashembe, asangomwa mankhwala a malungo n'kukhala.

Nsapato. Ine ndinapita ndi zanga za ku ofesi, zosalala kunsi, poganiza kuti ndi kuyenda wamba. Pa thanthwe lonyowa ndinakhala pansi mosafuna, foni n'kusweka galasi, anzanga n'kumaseka mpaka pobwerera. Matenesi akale okhala ndi mano kunsi ndi okwana. Madzi akumwa aliyense anyamule ake, a mumtsinje musawadalire.

Mayendedwe savuta: msewu wa Kasungu kupita ku Nkhotakota wodzera ku Malomo umadutsa m'nkhalango momwemo, ndiye nkhalango muyamba kuionera m'basi. Koma poti mwaona mitengo musangoima n'kutsika. Pitirizani mpaka ku boma la Nkhotakota, mukhotere kumpoto pa M5, polowera ku mbali ya Bua ndi kumeneko. Imbiranitu a ku nkhalango masiku akadalipo, muwauze kuti mulipo angati, akupezereni a gemu ndi kukuuzani zolipira pa geti. Gulu likakula amaligawa, sangayendetse anthu 30 pa mzere umodzi. Malo ogona ngati Tongole alipo koma si a thumba la achinyamata. Gonani pa boma, mulawire m'mamawa.

China chimene mukawafotokozere ali pa mtsinjepo ndi mpasa. Nsomba imeneyi imachoka m'nyanja n'kukwera Bua kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera, ndipo mitsinje imene ikuchitabe zimenezi yatsala yochepa. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Matopewo ena amachokera kwathu kuno, m'minda ya m'mbali mwa mtsinje ndi m'malo amene tinadula mitengo yochizira fodya. Mukabwerako ndi nsomba za ku Nkhotakota mu kula bokosi, ine ndili pafupi ndi depoti, musandipitirire.